Kamba Amene Ndinamufukula

Zaka zisanu ndi chimodzi ndinagwira ntchito ya m'maluwa pa nyumba ina ku Area 11, chakuseri kwa Kapitolo, ndipo pa zaka zonsezo eni nyumba sanandifunseko nzeru pa chomera kapena chokwawa chilichonse cha pabwalo pawo. Iwo chawo chinali kulamula basi. Abwana anali ndi udindo waukulu m'boma, udindo wa mtundu uja woti galimoto imabwera kudzakutenga ngakhale ofesi ikuonekera pageti. Adona ankagwira ntchito ku City Centre, m'bungwe lina loyendayenda m'mahotela kuphunzitsa anthu kusamala chilengedwe. Ine ndinali wamkulu kwa iwo ndi zaka zinayi, koma iwo ankati iwe, ine n'kumati inu. Ine ndi mkazi wanga tinkakhala m'kachipinda ka antchito kuseri kwa nyumbayo, pafupi ndi thanki ya madzi. Kanali kachipinda kamodzi kokha, koma kanali ka simenti, ka malata osadontha, mpope uli pakhomo pomwepo, ndipo chipatala chinali chofikika ndi miyendo.

Kamba anabwera mu Januwale, m'buti ya galimoto. Abwana anamugula pamsewu pochokera ku ulendo wa ntchito, kwa anthu aja amaimika galimoto atanyamula bowa m'mbale. Anali kamba wa msana wautali, wa mtundu uja amene chigoba chake chimapindika chakumbuyo, moti akaopsedwa amabweza miyendo n'kudzitsekera. Kwathu, kumidzi ya kufupi ndi nkhalango ya Dzalanyama, ndinakula ndikukumana nawo akamba oterewa poweta mbuzi. Sindinaone chodabwitsa. Adona ndiwo anakuwa ndi chimwemwe ngati abwana awabweretsera ndolo zagolide. Anamupatsa dzina lachizungu, limene sindikufuna kulilemba pano chifukwa limandinyansa mpaka lero, kenako anatenga penti wofiira wopaka m'zikhadabo n'kumulemba chilembo pamsana.

"Kuti asasowe," anatero akundiyang'ana.

Asowe kupita kuti mumpanda wa njerwa wokhala ndi waya wamagetsi pamwamba, sindinafunse. Ndinamva bwino lomwe kuti chilembocho analembera ife antchito.

Chakudya chake analamula kuti chizikhala letesi wogula m'sitolo yaikulu, woika pa kambale ka tiyi. M'mawa uliwonse ndinkaika kambaleko pakapinga, ndipo m'mawa uliwonse kamba ankakalambalala n'kupita kumpanda kukafuna zake. Zake zinali bowa womera pachitsa, nkhono, ndi mabongololo, amene m'dzinja amangoti mbwee pansi pa masamba. Tsiku lina adona anamupezerera bongololo akulendewera kukamwa, theka lili m'kati. Anandilamula kuti ndimutsuke m'kamwa, ndipo ine, bambo wa ndevu zanga, ndinagwada pakapinga ndi kapu ya madzi kunamizira kutsukuluza kamba. Kambayo anangobweza mutu n'kudikira kuti misala ithe.

Chimene chinkandipsetsa mtima kwenikweni chinali kumunyamula. Mlendo aliyense wolowa pageti ankayenera kumunyamula, kumutembenuza chagada, kumuyandikiza kumaso, wina n'kumajambula ndi foni. Ndipo kamba ukamunyamula mwa njira imeneyo amakodza. Alendo ankaseka chikhakhali, adona n'kumati kamba wawo ndi wamwano. Palibe mmodzi yemwe ankadziwa chimene akuseka.

Kamba alibe mtsuko. Madzi a chilimwe chonse amawasunga m'chikhodzodzo, ndipo dziko likauma thupi lake limatunga m'menemo pang'onopang'ono mpaka mvula itabwera. Akachita mantha amawataya onse nthawi imodzi, kuti chomugwiracho chinyansidwe chimusiye. M'dzinja si nkhani, amakamwa ena pachithaphwi. Koma ukamutayitsa m'chilimwe wamupha, ngakhale achoke pamaso pako akuyenda bwinobwino. Malume anga ankatikwapula ndi kamtengo akatipeza tikuseweretsa kamba nthawi ya lupsa, akuti, "Mukumutayitsa madzi, afiti inu." Ndili wamkulu kale ndinadzagula buku la sayansi long'ambika chikuto pa mulu wa mabuku akale ku Msika wa Tsoka, ndipo ndinapezamo zomwezo, kungoti zolembedwa ndi mawu aatali. Malume anga sankatha kulemba ngakhale dzina lawo.

Kamodzi ndinayesa kuwauza adona. Anandiyang'ana kuyambira ku majombo mpaka kuchipewa.

"Iwe wakhala dokotala wa ziweto liti?"

Ndinakatenga wilibala.

Pofika Epulo chidwi chawo chinali chitatha, monga chinathera pa njinga yolimbitsira thupi imene inkachita dzimbiri pakhonde. Letesi anasiya kugula. Kamba anatsala ndi ine, ndipo ndinganene kuti miyezi imeneyo ndi imene anakhala bwino pa nyumba ija. Ndinkamuona tsiku lonse ndikamagwira ntchito. M'mawa ankakwera pa mwala wafulati wa pafupi ndi mpanda n'kutambasula khosi ndi miyendo padzuwa, ali duu, mpaka atatenthedwa mokwanira kuti ayende. Dzuwa likafika pamutu ankalowa pansi pa heji. Thupi lake lilibe moto wakewake ngati lathu. Ife timadya katatu patsiku kusonkhezera moto umenewo, ndipo ukachuluka timatuluka thukuta. Iye kutentha amachita kukakutenga padzuwa, kukachuluka alibe thukuta loti limuziziritse, amadalira mthunzi ndi dothi basi. Ndiye poti alibe moto woti azisonkhezera, amatha kukhala miyezi osadya kanthu. Ndinkaganiza zimenezi ndikusesa, ndikumva kulira kwa makina oziziritsa mpweya m'chipinda cha abwana, amene ankawasiya akulira ngakhale m'nyumba mulibe munthu.

Kumapeto kwa Meyi, kapinga wa kunja kwa mpanda atayamba kufiira, ndinamupeza m'mawa wina pamene paipi inkadontha. Anali ataviika mutu wonse m'madzi, akumwa. Ndinathirira maluwa a kutsogolo, ndinabwerako, akumwabe. Ndinadziwa kuti akulongedza. Patapita masiku atatu ndinamuona pakona ya mpanda, pa chitsa cha muwanga pomwe ndinkataya masamba, akukumba pansi pa muzu. Anakumba osapupuluma, n'kulowa. Ndinakokerapo masamba ena ndi leki, ndipo kuyambira tsiku limenelo pakona ija sindinkasesapo kapena kuthirirapo.

Juni anatha, Julayi anatha, Ogasiti anatha ndi mphepo yake ya fumbi. Palibe anafunsa za kamba. Munthu wophunzitsa dziko kusamala chilengedwe anatha miyezi inayi osazindikira kuti chilengedwe chokhacho chimene anali nacho pakhomo sichikuoneka.

Anakumbukira Lachiwiri lina kumapeto kwa Sepitembala. Akuluakulu a bungwe lawo anali atabwera kuchokera kunja, ndipo Loweruka kunali phwando pakapinga. Adona anandiitana ali pakhonde, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Iwe, kamba wanga ali kuti? Loweruka ndili ndi alendo, ndikufuna adzamuone."

"Ali mtulo, adona. Analowa pansi mu Meyi. Adzatuluka mvula ikagwa."

"Mtulo? Kuyambira Meyi?"

Anaseka mpaka tiyi anatayikira m'kambale, n'kuitana amuna awo kuti adzamve. Abwana anatuluka akumanga tayi. Nditabwereza, anavula magalasi, monga ankachitira akafuna kuphunzitsa munthu.

"Tamvera, mnyamata," anatero, ine ndili ndi imvi zingapo kale. "Zoti nyama imagona miyezi zimachitika kumaiko ozizira. Ine ndinakhalako zaka zitatu, ndikuzidziwa. Zimagona kuthawa chisanu. Nanga kuno ku Africa nyama igona kuthawa chiyani, dzuwa lili phwee chonchi?"

"Kuthawa dzuwalo, bwana."

Sanakondwe nalo yankho limenelo. Ine ndinawayang'ana ndipo ndinawapeputsa, kuwapeputsa kwenikweni, kochokera pansi pa mtima. Munthu ameneyu anabadwira kumudzi ngati ine. Mayi ake ankabwera kudzamuona atavala chitenje ndi nsapato za pulasitiki, ndipo ankadyera kukhitchini kukakhala alendo. Abwanawo ali mwana ayenera kuti anafukulapo finye polima mizere mu Okutobala, anaonapo achule akutuluka m'dothi louma tsiku la mvula yoyamba, anaonapo anthu akukumba milamba m'matope a dambo louma. Zonsezo sukulu inazisesa m'mutu mwake n'kuikamo zimbalangondo za m'mabuku a eni ake. Ankadziwa mmene nyama imagonera m'dziko limene anakhalako zaka zitatu, koma osati m'dziko limene mchombo wake unagwera.

"Tisanamizane," anatero adona, kuseka kutatha. "Anthu a kumudzi mumadya zinthu zimenezi. Mwamudya ndi mkazi wako. Azimayi apakati amalakalaka zinthu zachilendo, ndikudziwa."

Mkazi wanga anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, mwana wathu woyamba, titadikira zaka zambiri. Anali akuyanika zovala kuseri ndipo anamva mawu onsewo.

"Sitinamudye, adona. Ali pachitsa apo. Ndikhoza kukulozerani."

"Ndiye kamufukule."

"Tikamufukula mwezi uno ataya madzi, ndipo sadya. Afa. Kwangotsala milungu yochepa kuti mvula igwe."

"Waona?" anatero kwa amuna awo. "Ali ndi yankho pa chilichonse." Kenako anatembenukira kwa ine. "Ndili siriyasi. Loweruka m'mawa kamba akhale pakapinga apa. Apo ayi, makiyi a kuseriko usiye patebulo, uone msana wa njira. Sindisunga wakuba pakhomo panga."

Lachitatu ndinapempha kuti ndikagule mbewu za maluwa, ndinakwera minibasi kupita m'tauni. Nzeru yanga inali yoti ndikapeze kamba wina, mkazi wanga amulembe chilembo chofiira, adona sakanasiyanitsa ngakhale ndikanawabweretsera wa miyendo itatu. Lero ndikaiganiza nzeru imeneyo ndimachita manyazi, chifukwa kamba winayo akanafa imfa yomweyo, kungoti sindikanamudziwa. Ndinazungulira msika waukulu, ndinawoloka mtsinje pa kamlatho ka matabwa, ndinalowa mu Tsoka pakati pa milu ya kaunjika, kufunsa aliyense wooneka ngati angadziwe. Pomaliza anandilozera mkulu wina wovala kofiya yoyera, amene ankagulitsa mizu, makungwa ndi zikopa za tinyama pa thumba loyala pansi. Pambali pake panali zigoba ziwiri za kamba, zopanda eni.

"Bambo, ndikufuna kamba wamoyo."

"Wamoyo? Mwezi uno?" Anandiyang'anitsitsa. "Achimwene, mwachokera dziko liti? Akamba onse ali pansi. Dikirani chizimalupsa, mudzachita kusankha."

"Abwana anga akuti kuno nyama sizigona."

"Abwana anuwo anaphunzira mpaka pati?"

"Mpaka kunja."

"Ndiye chifukwa chake," anatero, n'kupitiriza kumanga mizu yake m'timitolo.

Ndinaseka koyamba sabata imeneyo, koma ndinabwerera chimanjamanja, mbewu za maluwa zokha zili m'thumba.

Mkazi wanga anandidikira nditsirize kudya. Iye si munthu wolongolola, ndipo chipongwe cha adona chija sanachitchule n'komwe. Anangokhala pa mkeka, miyendo yotupa atatambasula, n'kundifunsa mofatsa.

"Inu, mwanayu ndikaberekera pachitsa paja?"

"Mayi, chinyama chija chifa."

"Ndikudziwa kuti chifa. Ine ndikufunsa za mwanayu. Kumudzi chipatala chili kutali bwanji, mwaiwala? Kamba uja ndi m'bale wanu?"

Pa anthu onse a m'nkhani ino iye yekha ndi amene sindimupeza chifukwa. Lachinayi ndi Lachisanu ndinatchetcha kapinga, ndinapaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira, ndinathandiza kuimika tenti, nthawi yonseyo ndikupewa kuyang'ana pakona paja.

Loweruka m'mamawa ndinatenga kakhasu ndi beseni. Ndinachotsa masamba, ndinakumba pang'ono ndi kakhasuko, kwinako ndi manja. Pamwamba dothi linali louma ngati ufa, koma mkono utalowa mpaka pachigongono linayamba kuzizira, la kachinyezi pang'ono. Mmenemo ndi mmene anali, atapanikizika pansi pa muzu, atadzitsekera kumbuyo, mutu uli m'kati pakati pa miyendo yakutsogolo. Chilembo chofiira chija chinkaonekabe pansi pa dothi. Anali atasankha malo abwino kuposa amene ine ndikanamusankhira. Sindinamunyamule m'manja. Ndinalowetsa fosholo pansi pake n'kumutsetserezera m'beseni pamodzi ndi dothi lake, ndipo ndinayenda naye pang'onopang'ono ngati ndanyamula mbale yodzaza msuzi. Ndinkaganiza kuti ndikapanda kumudzidzimutsa madzi ake apulumuka, alendo amuona ali m'beseni, madzulo ndimubwezera. Ndinafika naye pakapinga asanataye ngakhale dontho.

Adona anatuluka atavala gauni ya m'nyumba ndi masilipasi aubweya. Anasuzumira m'beseni. Ndinadikira mawu amodzi okha opepesa, osati kwa ine, koma kwa mkazi wanga amene anamunena kuti wadya kamba. Sanabwere.

"Waona? Ukanangomubweretsa Lachiwiri lomwe lija bwenzi titavutana? Koma ndiye wada! Alendo amuona chonchi?"

"Adona, chonde musamunyamule."

Anamunyamula. Anamugwira m'mbali ndi nsonga za zala, anamutembenuza chagada kuti aone kumimba, anamugwedeza kuti atulutse mutu. Madzi anatuluka. Sanali ngati a m'dzinja aja, anali ambiri, oderako, osakanikirana ndi zoyera ngati phala, ndipo anayenderera m'mikono mwawo mpaka pa masilipasi. Adona anakuwa n'kumuponya pakapinga. Ine ndinaima ndi beseni m'manja kuyang'ana madzi amene anamwa m'mawa uja mu Meyi, amene anawasunga miyezi inayi osasuntha, akulowa mu kapinga amene ndinali nditathirira dzulo lake.

Abwana anabwera atamva kukuwa. Kamba anali atatulutsa mutu pang'ono, maso olowa m'kati, akuphethira movutika.

"Si uyu ali maso?" anatero. "Kugona kuja kuli pati?"

Phwando linayenda bwino, aliyense anatero. Ine anandiveka malaya oyera n'kundiika pa mbaula ya nyama. Ndili pamenepo ndinkaona kamba, atatsukidwa ndi sopo, atapakidwa mafuta ophikira kuti awale, akuyenda kuchoka m'manja mwa uyu kupita m'manja mwa uyo. Sanakodzerenso aliyense, ndipo adona anati waphunzira ulemu. Mayi wina wa alendo aja anafunsa kumene anachokera. Adona anayankha m'Chingerezi chawo chosalala kuti anamupulumutsa kwa anthu a kumudzi amene akanamudya, ndipo kuti vuto la anthu athu ndi kusadziwa, n'chifukwa chake ntchito ya bungwe ndi yofunika. Alendo anagwedeza mitu mwachisoni. Ine ndinafika Folomu 4, Chingerezi ndimachimva. Ndinatembenuza nyama kuti isapserere.

Madzulo ake ndinafuna kumubwezera pachitsa, koma abwana anali ataganiza kale. Kuti asadzasowenso, analamula kuti ndimumangire khola la waya pa simenti ya pambali pa khonde, pomwe ankaoneka munthu ali pa sofa. Malowo dzuwa linkafikapo chakumasana n'kukhalapo mpaka kupendeka. Mu Okutobala simenti imeneyo ine sindinkatha kuipondapo wopanda jombo.

"Bwana, pamenepa apsa. Alibe pothawira."

"Ndi nyama ya m'tchire, inazolowera dzuwa. Tsiku lija umati ikugona, lero ukuti ipsa. Sankha chimodzi."

Ndinamanga kholalo, ndipo ndinalimanga bwino, chifukwa ntchito yanga sindiigwira mwaulesi ngakhale ikhale yopusa. Ndinafundikapo chiguduli kuti pakhale mthunzi, adona anachichotsa, akuti chikunyasitsa khonde. Ndiye tinayamba kubisalirana. Galimoto zikatuluka pageti ndinkabwezerapo chigudulicho, ndinkathira madzi pa simenti, ndinkamukhazika m'beseni la madzi ochepa kuti mwina amwe. Ndikamva hutala ndinkachotsa zonse. Kumwa ankangonyambita. Kudya sanadye, ngakhale nkhono imene ndinakaifuna pansi pa thanki, chifukwa m'mimba mwake munali musanadzuke. Letesi anayambanso kubwera, n'kumafota pa kambale ka tiyi. Ntchito yake tsiku lonse inali imodzi, kupalasa simenti ndi miyendo yakutsogolo pakona ya khola, kufuna kulowa pansi. Zikhadabo zinaperepeseka mpaka zinayamba kusiya timizere ta magazi.

Mkazi wanga anayamba kumva kupweteka Loweruka lina m'mawa, pakati pa Okutobala, kutentha kuli kosaneneka. Tinayenda wapansi kupita kuchipatala, monga tinkafunira. Zinthu zinavuta, anachita kumung'amba, ndipo anamwino anandiuza poyera kuti tikanachedwa panjira bwenzi tikunena zina. Ndinakhala kumeneko masiku awiri, pabenchi ndi pansi pa mtengo. Mwana anabadwa wamkazi, wamoyo, wolira mokweza. Za kamba sindinaganizeko ngakhale kamodzi, ndipo sindinama kuti ndinaganiza.

Nditabwerera Lolemba ndinamupeza pakati pa khola, khosi ndi miyendo zili panja, thovu litaumira kukamwa. Eni nyumba anali pakhomo masiku awiri onsewo. Anali pa sofa, makina oziziritsa mpweya akulira, kamba akuwaonekera pawindo. Sanadziwe n'komwe kuti wafa mpaka ine nditawauza.

"Ndi kumukwirira kuja," anatero adona. "Unamudwalitsa ndi iwe."

Abwana anati mwina anali wokalamba. Za mwana wathu anafunsa ndi mlonda wa pageti yekha.

Mvula yoyamba inagwa patatha milungu iwiri, masana, ya mabingu. Fungo la dothi linadzaza paliponse. Pofika madzulo achule anali akulira m'ngalande zonse za Area 11, afinye akuyenda pakapinga atafufuma, mabongololo akutuluka pansi pa masamba. Ndinapita pakona paja. Dzenje limene ndinakumba linali litadzaza madzi, ndipo pachitsa panadzamera bowa sabata yotsatira, wopanda womudya.

Chigoba adona sanafune chitayike. Anali ataona kwa mnzawo wina chigoba chotere chili patebulo, ndiye anandilamula kuti ndichikonze. Ndinachikwirira pafupi ndi una wa nyerere kuti zidye za m'kati, ndinachitsuka, ndinadula chakumimba ndi sowo, ndinapala chilembo chofiira chija ndi sandipepa, ndinachipaka vanishi kawiri. Chinawala bwino kwambiri. Anachiika chagada pa katebulo ka pakhomo lolowera, kuti muzikhala makiyi.

Anthu aja ndimawanyoza mpaka lero, ndipo sindikupepesa. Ndimanyoza madigiri awo opachika pakhoma, maulendo awo a m'mahotela, ndi chisoni chawo cha pamaso pa alendo. Koma ndikakhala ndekha ndimadziwa kuti iwo anapha chinthu chimene sankachidziwa. Pa nyumba yonse ija munthu mmodzi yekha ankadziwa za chikhodzodzo, za dothi lozizira la pansi pa muzu, za milungu yochepa imene inatsala, ndipo ndi yemweyo anatenga kakhasu. Nditati ndibwerere ku Loweruka lija, mkazi wanga ali pa mkeka ndi miyendo yotupa, ndikanakumbanso. Chimenechi ndi chimene chimandiwawa kwambiri.

Ndinagwirabe ntchito pa nyumba ija zaka zina zitatu. Mwana wanga anaphunzira kukwawa pa simenti ya kachipinda kaja, anaphunzira kuyenda pogwira mpope wa pakhomo. Nditapeza ntchito ina pa nazale ya mitengo kunja kwa mzinda, ndinapita kukatsanzika. Katundu wathu anali atakwera kale pa kalole, mkazi wanga atabereka mwana kumbuyo akundidikira pageti. Adona anali pa sofa, akuyang'ana pa foni. Ndinaima pakhomo, chipewa m'manja, makiyi a kuseri aja ali m'dzanja lina.

"Adona, ndikupita. Makiyi ndi awa."

Sanadzutse mutu.

"Ponya m'kambamo."

Ndinaponyamo.